Ndinadzijeda Ndekha kwa Ankhoswe

Ine sindine wolankhulalankhula. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mbaula. Chitsulo sichifuna nkhani. Koma tsiku limodzi lokha limene ndinatsegula pakamwa n'kulankhula kwa nthawi yaitali, ukwati wa mwana wanga Edina unatsala pang'ono kufera pomwepo. Akazi anga akuti ndiilembe nkhaniyi kuti abambo ena amve. Ndavomera. (Kunena zoona sanandifunse, anangondiuza.)

Chinali chaka cha chisankho, nyengo yotentha. Magetsi ankazima m'mawa n'kudzayaka anthu ataweruka. Wowotcherera wopanda magetsi amangokhala mlonda wa zitsulo. Ndiye ndinkapita kukakhala pakhonde pa Che Yusufu, telala wa pafupi ndi shedi yanga ku Kawale kuno. Makina awo ndi opalasa ndi mwendo, ndipo ali ndi kativi ka sola. Pamenepo ndi pomwe ndinayambira kuonera mafilimu a akazitape, omasulira m'Chichewa aja, oti mzungu wavala suti koma akulankhula ngati kondakitala wa minibasi ya ku Biwi.

Poyamba ndinkangoseka. Kenako ndinasiya kuseka. Ndinaona kuti mafilimuwa akunena zenizeni. Munthu amamva chinsinsi cha akuluakulu, basi galimoto yakuda n'kuyamba kumutsatira. Akamalankhula pafoni ena akumvetsera. Womupereka amakhala mnzake wodya naye mbale imodzi. Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi ija, pamene usanatchule mawu oti boma unkayamba wacheuka, ngakhale uli m'bafa. Bambo anga ankanong'ona podandaula za feteleza m'munda mwawo momwe, muli iwo ndi khasu basi. Mantha otere satuluka m'thupi. Amangogona. Mafilimu aja anawadzutsa.

Che Yusufu ankandiuza, uku akupalasa makina. "Amisiri, awatu ndi masewera. Uyu wafa apayu, filimu ya dzulo anali dokotala."

"Ndi momwe amagwirira ntchito," ndinawayankha.

Tsiku lina pa bawo anthu anayamba kukangana za mavoti. Wina amati adzabedwa ndi kompyuta. Wina amati kwabwera anthu akunja, akugona m'mahotela, akungodikira tsikulo. Wina amati magetsi akuzimitsidwa dala kuti tisamamve nkhani. Bawo linaima, ndipo inali nthawi yanga yodya. Ndiye ndinati, "Ine ndikudziwa zonse, koma sindinena."

Sindinkadziwa kanthu. Ndinkangofuna kuti atseke pakamwa tisewere. Anatsekadi, onse n'kundiyang'ana. Popita kunyumba ndinayamba kuganiza. Panali anthu ambiri pamenepo. Ena sindinkawadziwa. Bwanji wina akakanena?

Sipanapite nthawi, Mayi Nabanda ogulitsa tomato pakona pathu anandiimitsa.

"Amisiri, kunabwera bambo ena, amafunsa za inu."

"Amati chiyani?"

"Amati kodi bambo a Edina ndi munthu wotani. Amamwa? Amapemphera kuti? Kwawo n'kuti? Pakhomo pawo pamabwera anthu otani?"

"Mwawauza chiyani?"

"Zoona zokhazokha. Kuti simuseka, koma simuba."

Wagolosale anandiuza zomwezo. Wometa tsitsi chimodzimodzi. Onse amafotokoza munthu mmodzi: wamtali, wa imvi, jekete labulawuni, kachikwama kakuda m'khwapa, nsapato zopolisha. Nsapatozo ndi zimene zinandimaliza. Ku Kawale nyengo yafumbi munthu wamba sapolisha nsapato.

Apa ndiyenera kunena zimene munthu wamutu akanakumbukira. Edina anali pa chibwenzi ndi mnyamata wina dzina lake Mphatso, wogwira ntchito pa fakitale ina ku Kanengo. Mnyamata waulemu. Akazi anga anali atandiuza kale kuti akwawo kwa mnyamatayo akuganiza zobwera kudzafunsira mbeta. Anandiuza chopukusira chikulira, ine ndinati "Mm," basi zinathera pomwepo. Ndipo aliyense amadziwa kuti asanabwere ankhoswe, akuchimuna amatuma munthu wamkulu mwakachetechete kuti akafunse kwa anansi za khalidwe la banjalo. (Ine ndemwe ndinachitapo zimenezi ku Mitundu, pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Ndinapolishanso nsapato.) Koma zonsezi sizinabwere m'mutu. M'mutu munali galimoto yakuda.

Ndinayamba ndi foni. Ndinaizimitsa, kuikulunga m'jumbo, n'kuikwirira m'chidebe cha ufa. Makasitomala ankandisowa, ine ndinkati ndi bwino choncho. Kuchoka kunyumba kupita ku shedi ndi pafupi, fodya sangathe, koma ndinayamba kudzera ku Biwi, kuzungulira kuseri kwa chigayo, n'kumaima pakona iliyonse ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Ndinali nditavala patapata.

Akazi anga anapeza foni pofuna kuphika.

"Bambo a Edina, foni ikutani mu ufa?"

"Isiyeni."

"Mwadwala?"

"Ayi."

Sindinawauze kanthu. M'filimu ina wopereka munthu anali mkazi wake. (Akazi anga tinakwatirana tili achichepere, anandipirira ndili wopanda ngakhale mpando. Koma filimu inati usakhulupirire munthu.)

Kenako ndinakumbukira kuti m'mafilimu munthu wosakidwa sangokhala. Amatembenuka n'kuyamba kusaka womusakayo. Amasintha maonekedwe, amamupeza mdaniyo, n'kumudyetsa nkhani zabodza kuti asokonezeke. Ndinaganiza kuti munthu wa boma akamva kuti ndine chidakwa chopanda mutu, akanena kwa mabwana ake kuti uyu musiyeni, sadziwa kanthu.

Ndinatenga jasi la mvula lakuda, lofika m'maondo. Ndinatenga chipewa chaubweya cha akazi anga, chimene amavala mu Juni. Magalasi akuda ndinalibe, ndiye ndinavala owotcherera, ozungulira aja a lamba wa labala. Amene sanawavalepo adziwe kuti m'magalasi amenewo umaona dzuwa lokha. Zina zonse umachita kuganizira.

Nditangotuluka pageti ndinagwera m'ngalande. Ndinadzuka. Thukuta linali litayamba kale kuyenderera mpaka m'miyendo.

"Mwaswera bwanji amisiri?" Anali Mayi Nabanda.

"Sindine."

"Oo. Ndiye mukawaona muwapatse moni."

Podutsa pakhonde pa Che Yusufu makina anaima. "Amisiri, mvula ili kuti?"

Ndinangodutsa. Anthu a ku Kawale amandidziwa kayendedwe, ndinadzilimbitsa mtima choncho. Mlendo sangandidziwe.

Ndinamupeza mu tiyirumu ina pafupi ndi msika. Ndinakweza magalasi pang'ono kuti nditsimikize: jekete labulawuni, kachikwama pamiyendo, kapu ya tiyi ndi sikono. Ndinatsitsanso magalasi, n'kupapasa benchi mpaka ndinakhala pambali pake. Ndinasintha mawu, ndinkalankhulira kukhosi.

"Ndamva mukufunsa za wowotcherera uja."

Ndinamva kapu ikugunda patebulo. "Ee, kungofunsa chabe, bambo."

"Ndimamudziwa. Ndakhala ndikumulondalonda nthawi yaitali. Kulikonse kumene wapita, ine ndimakhala komweko." (Apa sindinaname.)

"Kodi inuyo ndani?"

"Dzina lisiyeni. Kuntchito kwathu sititchula maina."

Ndinati zikuyenda. Ndiye ndinatsegula mpopi. Ndinati wowotcherera uja ndi chidakwa, amatsukira kachasu m'kamwa podzuka. Ndinati mutu wake sugwira, amacheza ndi mageti ndipo amati amamuyankha. Ndinati misalayo ndi ya kumtundu, agogo ake anafera mu mtengo wa mango atakana kutsika. Ndinati mkazi wake ndiye woopsa, amamenya anzake pa kiyosiki ya madzi, anthu amachita kumusiyira mzere. Sindinalankhulepo chonchi m'moyo wanga. Mawu ankangobwera okha. Ndinkamva kukoma.

Kenako anafunsa, mawu ali pansi, "Nanga mwana wawo wamkazi?"

M'mafilimu akalephera kumugwira munthu amagwira mwana wake. Ndinati apa ndiyenera kumanga mpanda wolimba.

"Ameneyo musamuyandikire n'komwe. Anatengera bambo ake. Ndipo amaluma."

"Amaluma?"

"Amaluma. Ndipo mundimvetse. Mukaonekanso ku Kawale kuno, ife tidziwa. Kumene mumakhala tikukudziwa."

Ife ake ndinali ine ndi jasi. Ndinamva benchi ikupepuka, nsapato zikuthamanga. Nditakweza magalasi munthu kunalibe. Anasiya tiyi ndi theka la sikono. Sikonoyo ndinadya. Ndinapukuta kapu ndi jasi kuti pasatsale zidindo za zala, mwini tiyirumu akungondiyang'ana, ndipo potuluka ndinawomba chitseko ndi chipumi. Koma ndinafika kunyumba ngati msilikali wopambana. Foni ndinaichotsa mu ufa.

Bamboyo sanaonekenso. Ndinkagona tulo tabwino.

Amene anasiya kugona ndi Edina. Ankakhala pakhonde foni ili m'manja, kuimba, osayankhidwa. Chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinkati ndi za atsikana, zitha. Mpaka Lamlungu lina masana, tikudya, analowa maso ali ofiira n'kukhala pamkeka pafupi ndi mayi ake.

"Mphatso wayankha," anatero. "Akuti amalume ake, a Nkhoma, amuletsa. Akuti banja lathu alisiye."

Akazi anga anaika mbale pansi. "Chifukwa?"

"Akuti anabwera kuno kudzafunsa za ife. Anthu onse ananena zabwino. Koma anakumana ndi munthu wina mu tiyirumu."

Anafotokoza zonse zimene Mphatso anamuuza. Kachasu. Mageti oyankha. Agogo mu mtengo wa mango. Kiyosiki. Akazi anga anaimirira n'kumanga chitenje cholimba m'chiuno, mmene amamangira pa maliro akamapita kukaphika.

"Ndani ameneyo? Ndimupeza lero lomwe. Ngati sindinamenyepo munthu, ndiyambira iyeyo. Amaoneka bwanji?"

"Akuti anavala jasi la mvula. Ndi chipewa chaubweya."

"Dzuwa lonseli?"

Akazi anga anaima. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, pamsomali pamene pamakhala jasi. Anayang'ana ine. Ine ndinapitiriza kudya. M'mbale munali mutatha kale.

"Bambo a Edina."

"Mm."

"Ine ndimamenya anthu pa kiyosiki?"

Edina anayang'ana mayi ake, kenako ine, ndipo ndinaona nkhope yake ikumvetsa pang'onopang'ono. Sanakuwe. Anangofunsa motsitsa.

"Adadi, ine ndimaluma?"

Ndapsapo ndi chitsulo chofiira kambirimbiri. Palibe chinawawa ngati funso limenelo. Mwana ameneyu ndi amene amandibweretsera madzi ku shedi osatumidwa.

Nkhani za ukwati bambo salankhula, amalankhula mwini mbumba. Ndiye anaitanidwa alamu anga, mchimwene wa akazi anga, a Gama a ku Chinsapo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka anatsika pampando n'kukhala pansi. Atatha anapukuta misozi n'kunena kuti, "Alamu, mwapha ukwati wa mwana. Gulani tambala, tipite tikaudzutse."

Tinakwera minibasi ya ku Area 25: ine, alamu, akazi anga, ndi tambala. Akazi anga ananyamulanso jumbo lina. Sindinafunse. Masiku amenewo sindinkaloledwa kufunsa.

Kunyumba kwa a Nkhoma tinapeza akazi awo ndi mlongo wawo, mayi ake a Mphatso. Anatiyalira mkeka, koma moni wake anali wozizira. A Nkhoma kunalibe. Poyamba amati apita kumudzi. Alamu atachonderera, zinadziwika kuti chichokereni ku Kawale tsiku lija bambowo sanagonenso pakhomo pawo. Ankabisala kwa mnzawo wa kumpingo ku Mgona. Simukadi yawo anaiponya m'chimbudzi. Mphatso anachita kukawatenga, ndipo analowera kuseri kwa nyumba, chipewa chili m'maso. Anali ataonda.

Alamu anayamba mwa mwambo, kupepesa, kufotokoza kuti zimene anamva zija zinali zabodza. A Nkhoma anakweza dzanja.

"Zamowa ndi zamisala sindinazikhulupirire. Kawale yense ananena zabwino za banja lanu. Vuto si limenelo." Anacheuka uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Bambowa boma likuwalondalonda. Munthu wake ndinamuona ndi maso angawa. Anandiuza kuti kumene ndimakhala akukudziwa. Ine zaka zija ndinaziona. Munthu ankatengedwa chifukwa chongomwa tiyi ndi munthu wolakwika. Mwana wa mlongo wanga salowa m'banja limene boma laliika maso."

Alamu anandiloza ndi chibwano. "Munthu wa boma uja ndi awa."

A Nkhoma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinali nditavala malaya oyera a kutchalitchi, tambala ali pamiyendo.

"Ayi. Uja anali chimunthu choopsa, mawu ngati ng'ombe. Awa ndi bambo ofatsa. Musandipusitse. Mwina nanunso akutumani."

"Ndinali ine," ndinatero.

"Bambo, ndikumvetsa kuti mukufuna kupulumutsa mwana wanu. Koma bodza si labwino."

Ndiye taonani. Nditanama anandikhulupirira. Ndikunena zoona akunditcha wabodza. Akazi anga anamasula jumbo lija n'kundiponyera pamiyendo.

"Valani."

"Pano?"

"Ku msika munavala pali anthu ochepa?"

Ndinapereka tambala kwa alamu. Ndinavala jasi pamwamba pa malaya a kutchalitchi, pabwalo la asewere anga, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinavala chipewa. Ndinavala magalasi, dziko n'kuda bii. Anansi anali atayamba kusuzumira pampanda, ndinkawamva.

"Nenani zimene munanena," anatero akazi anga. "Ndi mawu omwe aja."

Ndinalankhulira kukhosi. "Ameneyo musamuyandikire. Amaluma."

Mpando unagwa. Nditakweza magalasi, a Nkhoma anali ataima kuseri kwa akazi awo.

"Ndi yemweyo," anatero.

Anandiuza kuti nditsitse magalasi. Ndinatsitsa. Ndikweze. Ndinakweza. Nditsitsenso. Ankafuna aone bwinobwino pamene munthu wa boma akuthera ndi pamene bambo a Edina akuyambira. Mayi ake a Mphatso anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Akazi a a Nkhoma anathawira kukhitchini, ndipo kuseka kwawo kunkamveka limodzi ndi mapoto akugwa. Mphatso yekha ndi amene anayang'ana pansi, kulemekeza apongozi.

A Nkhoma sanaseke. Anadzutsa mpando n'kukhala.

"Ndiye inuyo mumati ine ndine ndani?"

"Kazitape."

"Ine? Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndimaweta zinziri."

"Nsapato."

"Zatani nsapato?"

"Zopolisha."

"Nanga kwa apongozi a mwana ndikanapita ndi fumbi?"

"Kachikwama."

Anakatenga n'kukatsegula pamaso pa onse. Munali mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi kampango kopukutira thukuta. Anati mankhwalawo chikumanireni ndi ine akumwa owirikiza.

Kenako anatseka kachikwama kaja. Ine ndili chiimire, thukuta likudontha kunsi kwa jasi ngati denga lothonya. Ndinkadziwa kuti ukwati wa Edina uli pa lilime la munthu ameneyu.

"Munanena kuti misala ndi ya kumtundu kwanu," anatero.

"Linali bodza."

"Ine ndikuona ngati pamenepo pokha ndi pomwe munanena zoona. Ndiye ndikufunsa, mwana wathu tikamupereke kumeneko?"

Akazi anga anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi mayi ake a Mphatso, akupukuta misozi.

"Achimwene, inu mwakhala mukugona ku Mgona pa thumba la makala. Simukadi munataya m'chimbudzi. Dzana munandituma ndikuuzeni ngati wogulitsa nthochi uja akuyang'ana nyumba ino. Zonsezi chifukwa cha munthu wovala chipewa cha mkazi wake. Ngati ndi misala, ili mbali zonse ziwiri. Palibe akuipitsa mtundu wa mnzake. Landirani tambalayo, ana akwatirane."

A Nkhoma anayang'ana tambala. Anayang'ana mlongo wawo. Analandira.

Edina anatenga nthawi kuti andilankhule bwinobwino. Madzi ku shedi anayambanso kubweretsa, koma ankangoika pansi n'kubwerera. Tsiku lina anaima pang'ono n'kunena kuti, "Adadi, pa ukwati mudzangokhala chete. Chonde." Ndinati zimenezo ndimazitha.

Ukwati unachitikira pa holo ina ku Area 25 komweko. Unali wabwino. Ndinakhala chete monga ndinalonjezera. Nthawi ya zithunzi anatitulutsa panja tonse, akuchikazi uku, akuchimuna uko, ndipo wojambula anatulutsa kandege kakang'ono kaja kojambulira m'mwamba. Kanauluka, kanaima pamwamba pathu, kadiso kake kakuyang'ana munthu mmodzimmodzi. Ndinacheukira kwa a Nkhoma. Ndinapeza akundiyang'ana kale. Tinachoka pang'onopang'ono, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kukakumana kuseri kwa thanki ya madzi. Tinakhala kumeneko mpaka kanatera.

Ndiye pa chithunzi chachikulu chimene chili pakhoma kwa Edina pali aliyense, ngakhale Mayi Nabanda ndi Che Yusufu. Pambali pa akazi anga pali mpata. Alendo akafunsa, Edina amaloza mpatawo n'kunena kuti, "Apa ndi pa adadi."

Akazi anga akuti ndimalize ndi phunziro. Phunziro ndi lakuti munthu akamafunsa za iwe, yamba wafunsa kunyumba kwako ngati kuli mwana wofuna kukwatiwa. Limenelo ndaligwira. Koma za kandege kaja sindinapepese, ndipo a Nkhoma nawonso sanapepese. Mpaka lero palibe amene watiuza kuti zimene kanajambula tsiku lija zinapita kwa ndani.